Kujambula Kayendedwe ka Magazi M'diso Pofufuza Glaucoma

Abale ndi alongo m'Chisilamu, pa khutuba ya Jumu'a yapitayi tidakumbutsana kuti maso ndi amana imene Allah (Subhanahu wa Ta'ala) adatisungitsa. Pano tifotokoze za nthenda ya glaucoma, imene imalanda amanayi mwakachetechete.

Abale athu a kuchigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, akulidziwa bwino khungu lodza ndi trachoma komanso ng'ala. Mu 2022 bungwe la WHO lidatsimikiza kuti Malawi wagonjetsa trachoma, Alhamdulillah, ndipo ng'ala akaichotsa pa opaleshoni munthu amaonanso. Glaucoma siili choncho. Imaononga mtsempha wonyamula zimene diso laona kupita ku ubongo, ndipo chimene chaonongeka sichibwereranso. Kawirikawiri siipweteka. Imayambira m'mbali, kotero munthu amawerengabe Qur'an bwinobwino pamene wayamba kugunda zitseko ndi kuponda nsapato za anzake pakhomo la mzikiti. Anthu akuda imatigwira kwambiri, ndiponso msanga.

Madokotala amayeza mphamvu imene madzi a m'diso akukankhira, yomwe mwa anthu ambiri imakhala pakati pa 10 ndi 21. Koma muyesowu pawokha umanamiza, pakuti alipo odwala glaucoma amene nambala yawo siikwera. Apa ndi pamene kujambula magazi kumathandiza. Makina otchedwa OCT angiography, amene adayamba kufala cha m'ma 2015, amaunika malo amodzimodzi kuseri kwa diso kangapo motsatizana. Mnofu umakhala chete, magazi okha ndiwo amayenda, choncho kompyuta imasiyanitsa zithunzizo n'kuonetsa timitsempha tonse ta magazi, popanda jakisoni. Pamene glaucoma yadya, timitsemphato timaoneka taperewera, monga ngalande za m'munda wa nzimbe ku Nchalo zikaphwa mbali imodzi. Dokotala amaphatikiza chithunzichi ndi miyeso ina asanagamule.

Makinawa ndi okwera mtengo, ndipo tingalakwe kuwadikira. Wa za maso pa chipatala cha boma angathe kuunika mtsemphawo ndi katochi kake, ndipo akakayika amatumiza wodwala ku Lions Sight First Eye Hospital, pa Queen Elizabeth ku Blantyre. Amene wapitirira zaka 40, kapena amene m'banja mwake muli wina adachita khungu mosadziwika bwino, akayezetse ngakhale akuona bwino. Zimenezi zikutikhudza ifenso a kunyanja.

Opatsidwa mankhwala odonthetsa m'maso asawasiye m'mwezi wa Ramadhani. Maulama ambiri amaona kuti samasula swaumu, ndipo wokayika afunse dokotala ngati angamadonthetse pa daku ndi pa futari. Akadonthetsa, atsinzine n'kudina pakona ya diso pafupi ndi mphuno kwa mphindi ziwiri, kuti mankhwalawo asatsikire kummero.