Kafukufuku Akatha, Manambala a ku Kandeu ndi Nsipe Amapita Kuti?

Kuyambira mu 2012, alimi a ku Kandeu ndi ku Nsipe m'boma la Ntcheu anazolowera kulandira alendo obwera ndi sikelo, chingwe choyezera ndi timatumba totapira dothi. Alendowa ankayeza kukula kwa munda, kuwerenga mapando, ndipo nthawi yokolola ikafika ankapachika chimanga, mtedza, soya ndi nandolo pa sikelo n'kumalemba. Anali ofufuza a pulojekiti ya Africa RISING, yomwe inkayendetsedwa ndi thandizo la ndalama lochokera ku USAID. Kuno ku Malawi ntchitoyi inali m'manja mwa akatswiri a ku Michigan State University, a ku LUANAR ndi alangizi a boma, moyang'aniridwa ndi bungwe la IITA. Ku Dedza inakhazikika ku Linthipe ndi ku Golomoti.

Pulojekitiyi inatha mu 2023. Magalimoto anachoka, ofufuza anapita kukagwira ntchito zina. Koma manambala amene anatoleredwa m'minda ija ndi chuma chimene chinadya ndalama zambiri, thukuta la alimi komanso nyengo zamvula zimene sizidzabweranso. Funso ndi lakuti chumacho chili kuti lero, ndipo ndani angachigwiritse ntchito.

Munda wa mayi ndi minda ya ana

Njira imene ankatsata pofufuza inabadwira konkuno. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, katswiri wa za nthaka Sieglinde Snapp anayambitsa ku Malawi ndondomeko ya munda wa mayi ndi minda ya ana. Munda wa mayi umakhala umodzi pamudzi, wogawidwa m'timagawo tambiri: apa chimanga chopanda feteleza, apo chothira feteleza, uko chobzala pamene chaka chatha panali mtedza, kwinako nandolo wosakaniza ndi mtedza. Alimi oyandikira amabwera kudzaona, aliyense n'kusankha njira ziwiri kapena zitatu zimene zamugwira mtima kukayesa m'munda mwake. Imeneyo ndiyo minda ya ana.

Ulimi wophatikiza nandolo ndi mtedza m'munda umodzi, kenako n'kudzabzalamo chimanga chaka chotsatira, unayesedwa mwa njira imeneyi, ndipo boma linauvomereza mu 2016 kuti alangizi aziuphunzitsa. Kuti akuluakulu avomereze, anafuna umboni, ndipo umboniwo unali manambala ochokera m'minda ngati ya ku Kandeu ndi Nsipe. Kuwonjezera apo, mu 2013 bungwe la IFPRI linachititsa kafukufuku wa mabanja oposa 1,000 a ku Dedza ndi Ntcheu, kufunsa za minda, ziweto, zakudya ndi kapezedwe ka ndalama, kuti pamapeto padzakhale poyerekezera.

Nambala payokha siyankhula

Tiyerekeze kuti wophunzira wa ku Bunda watsegula fayilo pa kompyuta n'kupeza mzere wolembedwa kuti: mtedza, 6. Kodi 6 ameneyu ndi matumba, ndowa kapena makilogalamu? Ngati ndi matumba, mtedzawo ndi wosenda kapena wamakoko? Aliyense amene anagulitsapo mtedza amadziwa kuti thumba la mtedza wamakoko limapepuka kutalitali poyerekeza ndi la wosenda. Nanga unayezedwa utangokumbidwa kumene, kapena utauma pa dzuwa? Mbewu yake inali CG7 kapena Chalimbana? Munda unali waukulu bwanji, ndipo kukulako ananena ndi mwini munda kapena anayeza ndi GPS?

Mayankho a mafunso amenewa ndi amene ofufuza amawatcha metadata. Ndi zolemba zofotokoza deta: anatolera ndani, liti, kuti, ndi chida chanji, mafunso anafunsidwa motani, ndipo chidule chilichonse cha m'fayilo chikuimira chiyani. Ngakhale kabokosi kopanda kanthu kamafuna kufotokozedwa. Mlimi amene sanakolole kalikonse chifukwa mbuzi zinadya nandolo wake ndi wosiyana ndi mlimi amene tsiku lofunsa anali ku maliro. Woyamba amalembedwa 0, wachiwiri amaikidwa chizindikiro chosonyeza kuti yankho palibe. Ofufuza ena amalemba 999 kapena -99 pamalo oterowo, ndipo munthu amene sanauzidwe zimenezi angawerengere manambalawo ngati zokolola, n'kusokoneza masamu onse.

A National Statistical Office ku Zomba amaidziwa bwino nkhaniyi. M'kafukufuku wawo wa mabanja, wotchedwa Integrated Household Survey, amalola mlimi kuyankha ndi miyezo imene amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku: ngolo, dengu, ndowa, mbale ya nambala 10 kapena ya nambala 12. Kenako miyezo imeneyi imasinthidwa kukhala makilogalamu potsata mndandanda umene unapangidwa poyeza zinthu m'misika. Mndandandawo ukasowa, mayankho a mabanja zikwizikwi amasanduka zolemba zopanda ntchito.

Nyengo nayonso iyenera kulembedwa. M'chaka cha ulimi cha 2015/16 El Niño inabweretsa ng'amba, mpaka mu Epulo 2016 boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala. Munthu woona zokolola zochepa za chaka chimenecho, popanda kudziwa za mvula, angaweruze kuti njira ya ulimi imene inkayesedwa ndi yachabe. Koma mvula ikalembedwa tsiku ndi tsiku pambali pa zokolola, chaka choipa chimakhala chophunzitsa kuposa zaka zonse, chifukwa chimaonetsa minda imene inapirira.

Deta imafa msanga

Anthu ambiri amaganiza kuti chinthu chikalowa mu kompyuta ndiye kuti chasungika. Si choncho. Laputopu imabedwa, fulashi imagwidwa vayirasi, mapepala a mafunso amadyedwa ndi chiswe m'chipinda chosungira katundu. Wophunzira amene ankadziwa tanthauzo la zidule za m'fayilo amamaliza digiri n'kusamuka.

Mu 2014 gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi Timothy Vines ku Canada linafalitsa zimene linapeza litalondola nkhani za sayansi 516 zosindikizidwa pakati pa 1991 ndi 2011. Anapempha eni nkhanizo kuti apereke deta yake. Anapeza kuti mwayi woti deta ikadalipo unkatsika ndi 17 peresenti chaka chilichonse. Zifukwa zake zinali zazing'ono: imelo ya mwini wake inasiya kugwira ntchito, kapena deta inali pa madisiki akale amene palibe makina owawerenga.

Kumene anasamala, phindu likuonekabe. Ku Rothamsted, ku England, kuli munda wa tirigu umene wakhala ukuyesedwa kuyambira mu 1843. Dothi ndi mbewu za zaka zonsezo zinasungidwa m'mabotolo olembedwa bwino, ndipo asayansi a masiku ano amazigwiritsa ntchito kuyeza zinthu zimene oyambitsa mundawo sankaziganizira n'komwe, monga kuwonongeka kwa mpweya ndi nthaka.

Kumene manambala a ku Ntcheu anaikidwa

Africa RISING inali ndi lamulo loti ofufuza ake aziika deta pa Dataverse, malo osungira deta ya kafukufuku pa intaneti amene anapangidwa ku Harvard University. Munthu sangoponyapo fayilo n'kuchoka. Amayenera kulemba mutu wa kafukufuku, maina a amene anachita, dera, nthawi ndi kafotokozedwe ka ntchito yonse, ndipo mapepala a mafunso amaikidwa pamodzi ndi mayankho. Mpukutu uliwonse umapatsidwa nambala yakeyake yotchedwa DOI, imene sisintha ngakhale tsamba la intaneti litasamuka. Wina akakonza cholakwika, zakale sizifufutidwa. Zimasungidwa, ndipo zimaoneka kuti chasintha n'chiyani. Deta ya kafukufuku wa mabanja wa 2013 uja inaikidwa kumeneko.

Mfundo zotsogolera ntchito yotere zinagwirizanidwa mu 2016 pansi pa dzina loti FAIR. Zimati deta izipezeka mosavuta, izitheka kufikiridwa, izitha kulumikizana ndi deta ina, komanso izitheka kugwiritsidwanso ntchito.

Kufikirika sikutanthauza kuulula zinsinsi za anthu. Mayi wa ku Nsipe amene anauza wofufuza za ngongole zake, kapena za masiku amene banja lake linagona ndi njala, anayankhula pokhulupirira kuti sizimveka. N'chifukwa chake maina ndi manambala a foni amachotsedwa deta isanatulutsidwe. A kafukufuku wa zaumoyo wa DHS amafika posuntha dala malo a GPS a midzi ndi mtunda umene nthawi zambiri supitirira makilomita 5, kuti munthu asalondole khomo la woyankha. Kuyambira mu 2024 Malawi ali ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu, ndipo ofufuza nawonso likuwamanga.

Phunziro la 2025

Kumayambiriro kwa 2025 boma la America linayamba kutseka USAID. Tsamba la bungweli pa intaneti linazima, ndipo malipoti ambiri amene ankapezeka pamenepo anasowa nthawi imodzi. Ntchito ya DHS, imene yakhala ikufufuza zaumoyo ku Malawi kuyambira mu 1992, inadulidwa thandizo. Zimene Africa RISING inaika pa Dataverse zinali m'manja mwa yunivesite, osati mwa bungwe lopereka ndalamalo, choncho sizinapite nalo limodzi.

Komabe zimenezi ziyenera kutsegula maso. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Deta yonena za dothi la ku Ntcheu ikamasungidwa kutsidya kwa nyanja kokha, tsogolo lake limadalira ndale ndi ndalama za eni makinawo. Malawi ali ndi poyambira: National Archives ku Zomba, malaibulale a mayunivesite, malo ofufuzira zaulimi a Chitedze, bungwe la National Commission for Science and Technology limene limayang'anira kafukufuku, ndi MAREN imene imalumikiza masukulu a ukachenjede pa intaneti. Chofunika ndi kuumiriza kuti pulojekiti iliyonse yofufuza kuno isiye kope la deta ndi metadata yake m'dziko muno isanatseke mabuku, ndipo ndalama zolipira munthu wosamalira deta ziikidwe mu bajeti kuyambira tsiku loyamba.

Palinso ngongole ina imene siperekedwa kawirikawiri. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 659,608 m'boma la Ntcheu, ndipo ambiri mwa iwo amadalira khasu. Mafayilo a pa Dataverse ali m'Chingerezi, amafuna intaneti, ndipo ambiri amafuna munthu wodziwa mapulogalamu owerengetsera. Mlangizi wa ku Kandeu, amene amayendera alimi mazanamazana, sangakhale pansi kumasanthula zimenezo. Chimene angagwiritse ntchito ndi masamba awiri kapena atatu a m'Chichewa, osonyeza zimene minda ya m'dera lake inatulutsa chaka ndi chaka, mvula imene inagwa, ndi njira zimene zinapirira ng'amba ya 2016. Masamba otero ayenera kupezeka pa ofesi ya zaulimi ya dera (EPA) lililonse limene linapereka minda yake ku kafukufuku, ndipo kuwalemba ndi ntchito imene ophunzira a ku Bunda angaigwire pogwiritsa ntchito deta imene ilipo kale.