Polishi wa galimoto sapaka, amakwecha

Imikani galimoto yakuda padzuwa la masana mwezi wa October, muwerame pang'ono, muyang'ane pa boneti pomwe dzuwa likuonekera. Muona timizere tambirimbiri titazinga dzuwalo, ndipo mukasuntha mutu nato timasuntha. Galimoto yotere ngakhale muitsuke kawiri imaonekabe yotuwa. Eni ake ambiri kuno ku Milange amangoti penti wasuluka, n'kuuyatsa wa kusitolo kukafuna polishi. Kumeneko amapeza mabotolo ndi zitini zamitundumitundu, zina zolowera pa Muloza kuchokera ku Limbe, zina zobwera ndi msewu wa tara wa ku Mocuba, chilichonse chikulonjeza kuwala. Tonse timangoti polishi, koma zam'katimo zimagwira ntchito zosiyana kutalitali, ndipo mukasankha molakwa mudya penti amene sadzamerapo.

Tiyambe ndi pentiyo. Galimoto zambiri zimene tikukwera masiku ano, monga za Toyota, Nissan ndi Honda zogulidwa zitayendapo kale ku Japan, penti wake ndi wosanjikiza. Pachitsulo pali woteteza dzimbiri. Pamwamba pake pali wamtundu, kaya wofiira kaya wabuluu. Ndiye pamwamba penipeni pali wina wopanda mtundu, woonekera ngati madzi, amene amisiri opopera penti amati kiliya, ndipo pa chitini cha Chipwitikizi pamalembedwa verniz. Kunyezimira konse kwa galimoto kumachokera pa kiliyayo. Koma kupyapyala kwake n'kodabwitsa. Kufakitale amayala kiliya wokhuthala mamaikironi 40 mpaka 50, pomwe pepala lolembapo limafika pafupifupi 100. Maikironi imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Ndiye kuti chimene chikutchinjiriza mtundu wa galimoto yanu ku dzuwa ndi mvula chikungokwana theka la pepala limodzi.

Timizere tija ndi malo amene kiliyayo wakalika. Si tozungulira ayi. Taloza mbali zonse, kungoti diso limaona tokhato timene tabweza kuwala, n'chifukwa chake timaoneka ngati tazinga dzuwa. Chotikala ndi fumbi. M'fumbi la msewu wa ku Majaua kapena wa ku Mongue muli mchenga wosalala, ndipo mchenga ndi wolimba moti umakala ngakhale galasi. Mnyamata akadzuka m'mawa n'kupukuta boneti ndi chiguduli chouma, mumamuyamikira kuti ndi waukhondo, koma pamenepo akupala galimotoyo. Chimodzimodzi ndowa imodzi ya madzi a kumtsinje momwe akuviika nsalu imene yangochoka ku matayala.

Tsono zungulirani kuseri kwa khitchini mukaone mmene amayi amatsukira poto wa aluminiyamu amene wada bii ndi mwaye. Amayamba ndi mchenga wokhakhala. Mwaye umachoka msanga, koma poto amatsala ndi mizere yokhayokha, woyera koma wosawala. Kenako amatapa phulusa losalala n'kumakwecha pang'onopang'ono mpaka poto ayambe kuonetsa nkhope. Taonani kuti palibe chimene apakapo. Kuwalako kwabwera chifukwa asepula kachitsulo ka pamwamba mpaka mizere yafafanizika. Ndipo mukudziwa nokha mathero a poto wokwechedwa ndi mchenga tsiku ndi tsiku: amapyapyala, tsiku lina madzi n'kuyamba kuchucha pamoto.

Polishi weniweni amachita zomwezo. M'kati mwake muli timiyala tosaoneka ndi maso, nthawi zambiri ta aluminium oxide, tosakanizidwa m'mafuta ndi madzi. Sakwirira mzere. Amasepula kiliya wa m'mbali mwa mzerewo mpaka alingane ndi pansi pake. Mzere ukatha ndiye kuti kiliya wa malo onsewo watsika. Poto wobooka mumagula wina pamsika, koma kiliya akatha ndi nkhani yopopera chitseko chonse kapena boneti yonse, ndalama yake yogula mabotolo a polishi odzaza dengu.

Mukamvetsa zimenezi, kusankha botolo kumaphweka. Funso n'lakuti muli mchenga kapena phulusa.

Mchenga wa galimoto ndi uja amalemba kuti compound, kapena massa de polir. M'magalaja owongola ndi kupenta mumapezeka kawirikawiri Farécla G3 wa ku England komanso wina wa kampani ya 3M. Palinso Ultimate Compound wa Meguiar's, kampani ya ku America imene inayamba mu 1901 ndi polishi wa mipando, komanso Menzerna 400 wa ku Germany. Amenewa amadya msanga. Ntchito yawo ndi kufafaniza mizere ya sandipepa mmisiri akamaliza kupopera, kuchotsa penti wakufa amene wachita mbuu ndi dzuwa, ndi kuchepetsa mokalika mozamirapo. Koma monga mchenga pa poto, amasiya timizere tawotawo. Pa galimoto yoyera kapena yasiliva simungationa msanga. Pa yakuda kapena yabuluu woderapo, dzuwa likangotuluka pamaoneka chifunga chimene panalibe kale. Choncho compound samalizira ntchito. Pambuyo pake pamafunika wosalala.

Phulusa lake ndi polishi womalizira, monga M205 kapena Ultimate Polish wa Meguiar's, G10 wa Farécla, ndi Menzerna 3800. A Menzerna anachita bwino kulemba manambala: 400 ndi wokhakhala, 2500 ndi wapakati, 3800 ndi wosalala, monga mmene manambala a sandipepa amayendera. Amenewa amasepula pang'ono kwambiri, ndipo ndi amene amabweza kunyezimira kozama kuja.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ndawalimbikira: timizere tobwera ndi kutsuka sitifuna compound. Si tozama. Polishi wapakati kapena wosalala amatimaliza, makamaka pa galimoto za ku Japan, zimene amisiri ambiri amavomereza kuti kiliya wake ndi wofewa poyerekeza ndi wa za ku Germany. Anthu amathamangira wokhakhala chifukwa zotsatira zake zimaoneka pompopompo, ndiponso chifukwa ndi amene mmisiri ali naye pashelefu. Zimandipweteka kuona galimoto imene imangofunika phulusa ikukwechedwa ndi mchenga chaka ndi chaka, mwini wake akusekerera, osadziwa kuti mankhwala otchinga dzuwa ali mu kiliya yemwe akumuchotsayo.

Pali gulu lachitatu limene limasokoneza ambiri. Tengani poto wokalika uja, mumupake timafuta tophikira. Awala nthawi yomweyo, chifukwa mafuta alowa m'mizere ndipo kuwala sikukubalalikanso. Koma mukamutsuka ndi sopo, mizere yonse ndi iyi. Mabotolo ena ndi otero. Amasepula pang'ono chabe, kwinaku akudzaza timizere ndi mafuta ndi utomoni. Super Resin Polish wa Autoglym ali m'gulu limeneli, komanso aja okhala ndi mtundu, akuda kapena ofiira, monga Color Magic wa Turtle Wax. Sindikuwanyoza. Pa galimoto yakale imene yakwechedwa kambiri, yomwe kiliya wake watsala pang'ono, kubisa mizere ndi nzeru kuposa kuichotsa, ndipo amenewa amapakika bwino ndi manja. Mungodziwa kuti mvula ikagwa masabata angapo, mubwerezanso. Dziwaninso kuti ogulitsa galimoto amawakonda. Mukamagula, pemphani kupukuta kamalo kochepa pa boneti ndi kansalu konyowa ndi sipiriti wothira madzi, kenako muunike ndi tochi ya foni. Chimene chabisika chionekera.

Ndiye pali phula, limene pa chitini amalemba wax kapena cera. Ili silichotsa mzere ngakhale umodzi. Amayi ochenjera asanatereke poto pa nkhuni amamumata kunja ndi dothi kapena phulusa lonyowa, kuti mwaye ukakamire pa dothilo, chitsulo chisade. Ndiyo ntchito ya phula: kulandira fumbi, zitosi za mbalame, utomoni wa mango ndi dzuwa m'malo mwa kiliya. Lodziwika kwambiri ndi carnauba, lochokera ku masamba a mtengo wina wa mtundu wa mgwalangwa wa kumpoto chakum'mawa kwa Brazil. Limawala mokongola koma m'kutentha kwathu kuno silichedwa kutha, mwezi umodzi kapena iwiri basi. Lopangidwa ku fakitale, lolembedwa sealant, limapirira miyezi yochulukirapo. Masiku ano kwabweranso ceramic, wokhala zaka, koma ndi wodula, ndipo mukamupaka pa timizere amatitsekera momwemo. Phula limabwera kumapeto, kukwecha kutatha.

Musanatsegule botolo lililonse, yesani pentiyo. Yendetsani chikhadabo modutsa mzere. Chikakola, mzerewo wazama kwambiri, ndipo kuulondola mpaka uthe n'kubooletsa kiliya. Ungochepetsedwa kuti usamabaye m'maso. Ngati pansi pake pakuoneka potuwa kapena chitsulo, pamenepo pakufunika penti, dzimbiri lisanalowe ndi mvula ya kuno, imene mukuidziwa kuti sichita masewera pansi pa phiri la Tumbine. Chachiwiri, pakani polishi pang'ono pa kansalu koyera mukwechere pamalo pobisika. Nsalu ikatenga mtundu wa galimoto, ndiye kuti palibe kiliya, penti ndi wamtundu yekha mpaka pamwamba. Galimoto zakale zambiri n'zotero, komanso maminibasi ndi mapikapu ambiri oyera, kungoti pa yoyera muyese ndi nsalu yakuda. Penti wotere akatuwa amadzuka bwino kwambiri. T-Cut wa kalekale anatchuka pa ntchito imeneyi, ndipo wofiira wosuluka amabwerera mwakale mukuona. Pa galimoto ya kiliya T-Cut yemweyo mumusamale, pali wina wofatsa wolembedwa Metallic.

Mukatero sankhani kamalo kotalika ngati mkono mbali zonse, muyambe ndi polishi wosalala kuposa onse amene muli nawo. Pakani, pukutani, tulutsani galimoto padzuwa muone. Timizere tikatha, wapezeka ameneyo. Tikatsala, bwerezani kamodzi musanakwere kupita kwa wokhakhala. Chitani zimenezi pamthunzi, chitsulo chili chozizira, galimoto itatsukidwa n'kuuma. Padzuwa polishi amauma asanagwire ntchito. Masiku a chiperoni a mu June ndi July nawonso si abwino, chifukwa phula siligwira pa chinyezi, ndipo tsiku la mphepo limakubweretserani mchenga pansi pa nsalu.

Za makina ndinenepo mosapsatira. Ndi manja mumatha kuwalitsa ndi kuchepetsa timizere, koma kutimaliza pa galimoto yonse ndi ntchito yothyola mapewa. Makina opolishira enieni amazungulira pakati pa maulendo 600 ndi 3,000 pa mphindi, ndipo liwiro lake limachepetsedwa. Kagirayinda kodulira zitsulo kamazungulira maulendo pafupifupi 11,000. Mmisiri akamangirira chiponji pa girayinda n'kuyandikira galimoto yanu, muletseni. Kutentha kwake kumapsereza kiliya m'kuphethira kwa diso, makamaka m'makona ndi m'mphepete mwa zitseko momwe penti ndi wopyapyala kale. Pali makina ena amene amazungulira uku akugwedera, olembedwa dual action. Amachedwa, koma ngakhale wophunzira sangawotche nawo penti msanga.

Zinanso zimene timamva pa siteji, zoti pakani dizilo, mafuta ophikira kapena polishi wa pansi pa nyumba, zimawalitsa tsiku limodzi kenako zimakoka fumbi lonse la msewu. Mafuta a mabuleki ndiye musayerekeze, amasungunula penti.

Mukakwecha bwino kamodzi, musinthe katsukidwe, apo ayi pakatha miyezi itatu timizere tabwerera. Thirani madzi ambiri kaye kuti mchenga utsike wokha, nsalu isanakhudze. Khalani ndi ndowa ziwiri, ya sopo ndi ya madzi otsukuluzira nsalu musanaiviikenso mu sopo. Yambirani padenga kutsika pansi, ndipo matayala akhale ndi nsalu yawoyawo. Nsalu yofewa ya microfibre imameza mchenga m'ubweya wake, pomwe malaya akale amaukwekweza pa penti. Sopo wa ufa wochapira zovala amachotsa phula lonse, ndipo timibulu take tosasungunuka timakala. Phula lipakeni kumapeto kwa October mvula isanayambe, ndi mu April ikamatha. Zomwezi zimagwiranso pa thanki ya njinga yamoto ya kabaza, imene imapukutidwa ndi chiguduli chouma kangapo pa tsiku.

Pali matenda amodzi amene polishi aliyense sangachize. Mukaona denga kapena boneti yachita zigamba zoyera, kiliya akusendeka m'mphepete mwake, ndiye kuti dzuwa lamupha ndipo walekana ndi penti wa pansi. Kukwecha kumangokulitsa zigambazo. Pitani nayo kwa wopopera, apale ndi kupopera mwatsopano. Akamaliza mumufunse kuti mudikire masiku angati musanapake phula, chifukwa penti watsopano amakhala akutulutsabe mpweya wa mankhwala ake kwa mwezi umodzi mpaka itatu, ndipo mukamutseka msanga sauma bwino. M'masiku amenewo muzingomutsuka ndi madzi ambiri ndi nsalu yofewa.