Gulu la anthu ovulala mumtima limayenda ngati chilimba

Kuno ku Chazanga munthu akadwala malungo timadziwa njira ya ku kiliniki. Koma mlongo amene anagwiriridwa ali mwana, kapena mbale amene anamenyedwa ndi achifwamba mpaka kukomoka, timasowa pomuyika. Usiku sagona. Chitseko chikamenyeka amanjenjemera, ndipo zakale zimamubwerera ngati zachitika dzulo.

Pali enanso amene madokotala amati ali ndi borderline personality disorder. Mtima wawo umasintha msanga ndiponso mwamphamvu: m'mawa amakukondani kwambiri, madzulo akwiya chifukwa simunayankhe foni. Amaopa kusiyidwa kuposa china chilichonse, ndipo ena amadzicheka kapena kuganiza zodzipha. Ambiri anazunzidwa kapena kunyanyalidwa paubwana, ngakhale kuti si onse. Ife a mpingo nthawi zambiri tathamangira kunena kuti ndi ziwanda kapena mwano chabe. Pamenepo tiyenera kuvomera kuti tawawonjezera katundu.

Njira imodzi yothandiza ndi gulu la anthu amene anadutsa m'zowawa zofanana. Kayendedwe kake nkofanana ndi chilimba: aliyense amaponya, aliyense amalandira pa nthawi yake, palibe bwana. Anthu ochepa amakumana sabata iliyonse, wina alankhula, ena amvetsera. Mawu akuti "nanenso zinandichitikira" amafika pamene ulaliki wathu sufika. Si zachilendo mu Lusaka: kuyambira 2019 bungwe la StrongMinds lakhala likusonkhanitsa azimayi m'makomboni m'timagulu tokambirana za matenda a nkhawa. Ngakhale Marsha Linehan wa ku America, amene anayambitsa chithandizo cha DBT chothandiza odwala borderline, anaulula mu 2011 kuti nayenso anagonekedwa m'chipatala cha matenda a maganizo ali mtsikana.

Gulu lotere limaima kapena kugwa pa chinsinsi. Tikudziwana m'komboni muno: nkhani yonenedwa Lachinayi imafika pa mpopi Lachisanu m'mawa, nthawi zina itavala chovala cha "tiwapempherere". Ikatuluka kamodzi, munthuyo sadzabweranso. Palibenso amene akakamizidwe kufotokoza zonse zimene zinamuchitikira, chifukwa kufukula chilonda mwachangu kumachinyula, ndipo kumapweteka ena omvera. Kukhululuka nako tisakulamule ngati mankhwala a tsiku loyamba.

Kwa munthu woopa kusiyidwa, tsiku ndi ola losasintha ndi mankhwala kale. Musalonjeze kuti "imbani nthawi iliyonse" ngati simudzayankha 2 koloko ya usiku. Nenani zimene mungathe, ndipo muzichite. Akakukalipirani lero, sabata yamawa mpando wake ukhalepo.

Gulu si chipatala. Wina akanena zodzipha kapena wadzivulaza kwambiri, chinsinsi chimathera pomwepo: musamusiye yekha, pitani naye ku kiliniki kapena ku Chipata Level One Hospital, kumene angamutumize ku Chainama. Kupita ku Chainama si manyazi, ndipo lamulo la Mental Health Act la 2019 limateteza ufulu ndi ulemu wa wodwala. Ngati nkhanza zikupitirira kunyumba, kuli Victim Support Unit kupolisi, ndiponso manambala aulere: 933 kwa akuluakulu, 116 kwa ana.

Amene afuna kuti gulu lotere liyambe m'dera lawo aonane ndi abusa kapena mkulu wa mpingo paokha. Mayina sadzawerengedwa pa zolengeza za Lamulungu.