Azakhali anga asiya tirigu, lero akukwera phiri la Zomba

Azakhali anga a ku Chinamwali anenepa, masaya abwerera, ndipo kuseka kwawo kukumvekanso mpaka kumsewu! Amene anawaona chaka chatha sangakhulupirire kuti ndi omwe aja. Nthawi imeneyo anali ataonda, maso ali mbuu, ndipo akangodya mimba inkafufuma ngati ng'oma, kenako kutsegula. Kuchoka padepoti kukafika mumsika wa Zomba ankapumira panjira. Anamwa mankhwala a njoka zam'mimba, anamwa owonjezera magazi, koma osasintha. Ena ankanong'onezana za matenda aja, ena ankati awalodza poti geni yawo ya mandasi inkayenda bwino.

Chowadwalitsa chinali m'beseni la mandasi momwemo. Dokotala wina atawayeza magazi ndi kuwaunika m'matumbo, anapeza matenda otchedwa coeliac. M'tirigu, balere ndi rye muli puloteni yotchedwa gluten. Ambirife sitivutika nayo, koma pafupifupi munthu mmodzi mwa 100 alionse padziko akaidya, chitetezo cha thupi lake chimaukira matumbo aang'ono n'kuphwanya timinofu toyamwa chakudya. Munthu amadya n'kukhuta, koma thupi silipezapo kanthu. Dokotala wa ana wa ku Netherlands, Willem Dicke, ndiye anatsimikiza za tirigu. Pa njala ya mu 1944 ndi 1945 buledi atasowa m'dzikomo, ana odwala matendawa anapeza bwino, ndipo buledi atabwerera anadwalanso.

Piritsi lake palibe. Mankhwala ndi kusiya tirigu moyo wonse. Azakhali atamva anagwira kumutu: "Ndiye ineyo ndizimwera chiyani tiyi?"

Apa ndi pamene Zomba amakomera. Nsima ilibe gluten. Mpunga wa m'madambo a nyanja ya Chilwa ulibe, chinangwa chilibe, mbatata, nthochi, mapira ndi mawere zilibenso. Kachewere wa kuphiri, matemba, chisoso chotendera, futali, thobwa, zonsezi n'zawo. Anzathu a ku Ulaya amalipira ndalama zambiri kugula buledi wapadera, pomwe kuno chakudya cha wodwalayu ndi chomwe agogo athu ankadya kale. Chomwe anasiya ndi buledi, masikono, mandasi, mabisiketi ndi makeke. Anaphunziranso kuwerenga mapaketi, chifukwa tirigu amabisala m'masoseji ena ndi m'zokometsera ndiwo, komanso kufunsa wogulitsa chigumu ngati sanasakanizemo fulawa. Ngakhale mafuta okazingira mandasi sakazingiranso china chawo.

Kuchira kunabwera pang'onopang'ono, ndipo apa ndi pomwe ambiri amagwa ulesi. Mimba ndiyo inayamba: sabata ziwiri zisanathe kufufuma kunachepa, maulendo akuchimbudzi usiku anatha, anayamba kugona mpaka tambala. Mphamvu zinachedwerapo. Mwezi wathunthu ankadandaulabe chizungulire, n'kumati mwina dokotala uja analakwitsa. Koma magazi sabwerera tsiku limodzi. Amadikira matumbo ayambenso kuyamwa ayironi. Patapita miyezi ingapo zikhatho zinafiira, tsitsi linasiya kuthothoka, ndipo madiresi omwe anapinditsa kwa atelala anakawamasulitsa. Madokotala amati matumbo a ana amapola m'miyezi 3 mpaka 6, koma a akuluakulu amatha kutenga zaka 2 kapena kuposerapo. N'chifukwa chake ngakhale akumva bwino, saika dala pakamwa kachidutswa ka keke, kaya ndi paukwati. Kamodzi anadya ndiwo zothiridwa fulawa osadziwa, ndipo mimba inawakumbutsa usiku womwewo.

Tsiku lomwe ndinavina ndi lomwe anati tikwere phiri wapansi, kudzera njira ya Potato Path. Mayi amene ankalephera kamtunda ka kumsika anali patsogolo, chitenje atamanga m'chiuno, akundikuwira: "Mwanangu, fulumira, dzuwa litipeza!" Tinadutsa anyamata otsika ndi nkhuni panjinga, tinafika ku Ku Chawe, tinagula masitiroberi kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu n'kukadyera pa damu la Mulunguzi. Anati ulendo wina akufuna akafike ku Emperor's View, pomwe anaimapo Haile Selassie, mfumu yakale ya ku Ethiopia, akaone nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje ndi maso awo.

Geni nayo sinafe. Beseni lija tsopano mumakhala zitumbuwa za nthochi ndi mgaiwa, ndipo zimatha dzuwa lisanafike pamutu.

Inu amene mimba yakuvutitsani zaka zambiri, magazi osakwera, thupi likungotha, pitani kuchipatala mukafunse za coeliac. Koma musasiye tirigu musanayezedwe, chifukwa mukasiya msanga, zoyeza zija sizionetsa matendawa ngakhale muli nawo.