Kuunikira Mtsuko Wagalasi Kuchokera M'kati

M'nyumba zambiri za aphunzitsi muli mtsuko wagalasi woikamo maluwa, umene unabwera ngati mphatso ya ukwati kapena yotsazikira pasukulu. Umakhala pamwamba pa kabati chaka ndi chaka, kumangolandira fumbi, ndipo dzuwa likalowa palibenso amene amaukumbukira. Cholakwa n'chathu. Timaunikira galasi monga momwe tiunikirira khoma, kuchokera kunja, pamene kukongola kwa galasi kumaoneka kuwala kukadutsa m'kati mwake.

Umboni wa zimenezi uli ku British Museum mumzinda wa London, kumene kuli chikho chagalasi chotchedwa Lycurgus Cup, chimene amisiri a mu ufumu wa Roma anapanga m'zaka za m'ma 300. Nyali ikachiwalira kutsogolo, chikhocho chimaoneka chobiriwira. Koma kuwala kukadzera kumbuyo n'kubowoleza galasilo, chimasanduka chofiira ngati makala a moto. Akatswiri a sayansi anapeza kuti m'galasimo muli timibulu ta golide ndi siliva, tating'ono kwambiri kotero kuti diso silingatione. Mtsuko wa pakabati pathu sungafike pamenepo ayi, komatu nawonso umasintha maonekedwe malinga ndi kumene kuwala kwachokera.

Kale munthu wofuna kuyesa zotere analibe china koma kandulo, ndipo kawirikawiri mapeto ake anali kulira. Aliyense amene anawerengerapo mayeso pa nyali ya parafini akudziwa chimene chimachitika dontho la madzi likagwera pa galasi lotentha. Mbali yotentha imafutukuka, yozizira imakana, galasi n'kung'aluka. Mtsuko wochindikala ndiwo suchedwa kusweka, pakuti kutentha sikufalikira msanga m'menemo. Babu wakale wamagetsi nayenso sanali bwenzi: pafupifupi magawo 9 mwa 10 a mphamvu imene amadya imasanduka kutentha, kuwonjezera apo amafuna nthambo yolendewera mpaka kukhoma.

Chimene chinasintha zinthu ndi timagetsi totchedwa LED. Mu 1962 Nick Holonyak, wogwira ntchito ku kampani ya General Electric ku America, anapanga koyamba kowala mofiira. Kowala mwa mtundu wa buluu kanavuta kwa zaka pafupifupi 30, kufikira pamene Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura anakapeza ku Japan chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 2014. Ana a sukulu adziwe ichi: kuwala koyera kwa timagetsiti kwenikweni n'kwa buluu, kumene kwadutsa m'kaufa kachikasu kopakidwa pamwamba pake. Timadya mphamvu yochepa zedi, sititentha, ndipo timabatire tiwiri kapena titatu n'tokwanira kuyatsa mkanda wonse wa timagetsi tolumikizidwa pa kawaya kopyapyala ka mkuwa.

Tsono kachitidwe kake nkotere. Tsukani mtsukowo ndi kuuumitsa bwinobwino, pakuti fumbi ndi zidindo za zala, zimene masana zimabisala, usiku zimaonekera poyera. Pogula, sankhani timagetsi towala mofiirira pang'ono ngati kandulo. Papaketi pake pamalembedwa nambala yonga 2700K. Tija toyera mbuu timaupatsa mtsuko nkhope ya chipinda cha odwala, ndipo tophethiraphethira tisiyeni tikakongoletse sitolo pa Khirisimasi. Pindani wayayo momasuka, osamufinya, kuti timagetsi timwazikane kuyambira pansi mpaka kukhosi kwa mtsuko, ndipo kabokosi ka mabatire katulukire kumbuyo kumene dzanja lingafike pozimitsa.

Vuto lalikulu lili pa galasi loyera loonekera, chifukwa kagetsi kalikonse kamalasa m'maso pakokha ngati nsonga ya singano. Kuwala kofewa ndi kumene kwamwazidwa kusanafike m'diso. Choncho yalani m'kati kansalu koyera kopyapyala, kapena pepala lofewa lokulungira mphatso, kapenanso thiranimo mikanda yagalasi, ndipo mudzaona mtsuko wonse ukuwala ngati chinthu chimodzi. Galasi lambuu limachita zimenezi lokha. Lobiriwira kapena lofiira kwambiri limameza kuwala kochuluka, motero limafuna timagetsi tambiri. Madzi ndi maluwa amoyo musaikemo, pokhapokha ngati timagetsito tinapangidwira m'madzi. Mukamachoka pa tchuthi chotsani mabatire, chifukwa akakhalitsa amachucha ndi kudya zitsulo za m'kabokosi.

Pali chinthu china chimene ogulitsa sanena kawirikawiri. Mikanda yambiri yotereyi imayendera timabatire tathyathyathya tonga ndalama yachitsulo, totchedwa CR2032. N'tonyezimira, ndipo mwana wokwawa saona kusiyana kwake ndi switi. Kakamukhala pammero, kamayamba kuwotcha mnofu, ndipo m'maola awiri okha kakhoza kusiya bala loopsa. Ana ena afa nako. Ngakhale kabatire kamene kaleka kuyatsa magetsi kamakhalabe ndi mphamvu yovulaza. M'nyumba ya ana aang'ono gulani mkanda woyendera mabatire aakulu a AA, kapena wa kabokosi kotsekedwa ndi sikuluwu, ndipo timabatire takutha musatisiye m'mbale pa tebulo. Mukaganiza kuti mwana wameza, musamusanzitse kapena kudikira kuti muone ngati adwale. Thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo, mutatenga paketi yake kuti adokotala adziwe chimene wameza.