Kasikuluwu komwe kamazimitsa injini pakati pa nyanja

Sabata ziwiri zapitazo, mtsikana wina wa Fomu 3 anandipeza ndikutuluka m'kalasi n'kundiuza kuti fizi yake ichedwa. Bambo ake ndi msodzi wa usipa kuno kugombe la Nkhotakota, ndipo anali atatha masiku asanu osalowa m'madzi. Injini ya boti lawo, Yamaha ya 15, inkathamanga bwino akaitsegulira moto, koma akangochepetsa inkatsokomola n'kuzima. Usiku wina inazima akukoka chilimira mwera utayamba, ndipo anafika kumtunda ndi nkhafi m'bandakucha.

Ine ndine mphunzitsi chabe, koma Loweruka ndinapita padoko kukaonerera makaniko akuikonza. Vuto linali pa kasikuluwu ka pa kabureta, komwe kamayeza kuchuluka kwa petulo wosakanikirana ndi mpweya injini ikamalira pang'onopang'ono. Bambowo anavomera kuti anakamanga okha pofuna kupulumutsa mafuta, poti petulo wadula.

Apa ndi pomwe asodzi ambiri amalakwitsa. Injini za 2-stroke zilibe thanki ya oyilo ngati galimoto. Oyilo amathiridwa m'petulo momwemo, ndipo kwa injini zambiri muyeso wake ndi 50 kwa 1, kutanthauza mamililita 400 pa malita 20. Mukaimana petulo, mwaimananso oyilo. Pisitoni imatentha n'kuyamba kukanda, ndipo ndalama yogulira ina imaposa kutali mafuta omwe mumati mwasunga.

Makanikoyo anayamba ndi kutsuka kabureta, chifukwa dothi ndi madzi a m'zigubu zimatseka timabowo ta mafuta, ndipo zikatero kupotokola sikuthandiza. Kenako anamanga kasikuluwuko mofatsa mpaka kanangokhudza pansi. Kukakamiza kumapinda nsonga yake. Anakamasula kamodzi ndi theka ngati poyambira, ngakhale buku la injini iliyonse limatchula muyeso wake.

Zonsezi zatha, anaika injini pa boti, mchira uli m'madzi. Kuiliza pamtunda kumapsereza kampira kopopa madzi oziziritsa, komanso injini imalira mosiyana utsi ukamatulukira pansi pa madzi. Anaisiya itenthe kwa mphindi zingapo, n'kuika giya yopita kutsogolo boti litamangidwa ndi chingwe. Ankapotokola pang'ono zedi, gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a kuzungulira kumodzi, n'kudikira masekondi khumi kumvetsera. Ikayetsemula ngati ikufuna kuzima, ndiye kuti petulo wachepa. Ikafuka utsi wambiri n'kumanjenjemera, petulo wachuluka, ndipo pulagi imada. Atapeza pomwe ikulira mosalala, anamasulanso pang'ono kuti mafuta asaperewere. Pomaliza ndi pomwe anakhudza kasikuluwu kena kokweza kapena kutsitsa liwiro. Tiwiriti ambiri amatisokoneza.

Anthu akumtunda angaone ngati nkhani yaing'ono, koma injini imafunika kulira pang'onopang'ono pa nthawi zoopsa kwambiri: poponya khoka, posendeza boti pafupi ndi linzake, ndi pokocheza mafunde akugunda. Ikazima pamenepo, boti limatembenuzira nthiti ku funde, ndipo m'botimo muli abambo a ana athu.

Ndikupempha makomiti a m'madoko kuti mwera usanalimbe m'mwezi wa June, aziitana amakaniko odziwa kuti aonetse eni maboti ndi anyamata awo ntchito imeneyi. Sitenga ngakhale ola lathunthu. Mtsikana uja anabweretsa theka la fizi Lolemba lapitali, ndipo akuti yotsalayo ibwera mwezi ukalowa mdima, usipa ukayambanso kutsata nyali.