MAGEJI A INJINI: M'MENE MUNGASANKHIRE OONJEZERA PA GALIMOTO YANU

Mlimi woweta ng'ombe adziwa ng'ombe yodwala isanagwe. Potsegula khola m'mamawa aona kuti yaleka kubzikula, makutu agwa, mphuno yauma, ndipo tsiku limenelo saimanga pa goli. Injini ya galimoto, ya lole kapena ya thirakitala nayonso idwala isanafe, koma matenda ace ali m'kati mwa citsulo, m'mene maso safika. Cifukwa cace anthu anapanga mageji, timawochi tija tokhala patsogolo pa woyendetsa, kuti muvi wace uzinena zimene zirikucitika m'katimo.

Ambiri a inu munagula galimoto yogwirapo kale nchito, monga Hilux, Dyna kapena Canter yocokera ku Japan, ndi ndalama za nshawa, thonje ndi cimanga za zaka zingapo. Magalimoto otere kawirikawiri afika mageji ena atafa, pena ali ndi nyali zokha. Injini ikapsa pa nthawi yokolola, mbeu zikhala pabwalo, ndipo ndalama yokonzera iposa kutali mtengo wa mageji atatu. Tsono werengani bwino mau awa musanapite ku sitolo.

NYALI NDI GEJI ZISIYANA

Kwathu kuno munthu akadwala titumiza uthenga wa matenda kwa abale ace, kuti asadzadzidzimuke ndi uthenga wa maliro. Geji ndiyo mthenga wa matenda, koma nyali yofiira ya oyilo nthawi zambiri ibwera ndi uthenga wa maliro. Mphamvu imene pampu ikankhira oyilo m'injini iyesedwa ndi muyeso wochedwa bar. Injini yotentha, pamene iri pa ulendo, ifuna bar 2 kufikira 4. Koma m'magalimoto ambiri nyali siyaka kufikira mphamvuyo itatsika pansi pa theka la bar imodzi. Pakati ponsepo mabelingi alikudyeka, nyali iri cete.

Geji ya madzi imene inabwera ndi galimoto nayonso musaikhulupirire kopambana. M'magalimoto ambiri a makono anaipanga kuti muvi uziima pakati, ngakhale kutentha kusinthe ndithu, ndipo usuntha pokhapokha injini itatentha kale kwambiri. Geji yoonjezera, yokhala ndi manambala, isonyeza kusintha kuli konse.

YOYAMBA: GEJI YA KUTENTHA KWA MADZI

Ngati ndalama zanu zikwanira geji imodzi yokha, gulani iyi. Lole yosenza matumba m'mwezi wa October, pokwera kucokera pa mlatho wa Luangwa kulinga ku Nyimba, kapena m'mapiri a Manenekela kulinga ku Lusaka, iyenda pang'onopang'ono injini irikugwira nchito yaikulu, ndipo mphepo yolowa m'rediyeta icepa. Thirakitala nayo itentha m'munda pamene fumbi, njere za udzu ndi zitsotso zatseka timabowo ta rediyeta.

Injini yabwino iyenda ndi madzi otentha madigiri 80 kufikira 95. Muyenera kudziwa kuti madzi awira pa madigiri 100 m'mbali mwa nyanja ya mcere mokha. Dziko lathu liri pamtunda. Ku Chipata, kumene kuli pamwamba koposa mamita 1,000, madzi awira pa madigiri ngati 96. Cimene ciletsa madzi a m'injini kuwira ndico cibvundikiro ca rediyeta, pakuti citsekereza nthunzi, ndipo madzi angathe kupitirira madigiri 110 osawira. Cibvundikiro cikatha mphira, kapena mukatseka pakamwa pa rediyeta ndi nsanza, madzi ayamba kutayika pa citunda coyamba.

Geji iri yonse ya madzi iri ndi kamutu kolowa m'madzi a injini, kamene amakaniko akacha senda. Uzani makaniko aike senda pa mutu wa injini, madzi asanafike pa themositati. Akaiika pa paipi yopita ku rediyeta, tsiku limene themositati idzakana kutseguka geji idzanena kuti madzi ali ozizira, pamene injini irikupsa.

Cenjerani ndi cinthu ici: muvi ukakwera kwambiri, kenaka nutsika wokha mwadzidzidzi, musakondwere. Kawirikawiri ndiye kuti madzi atha, ndipo senda yatsala pouma. Imani pomwepo. Musatsegule cibvundikiro injini isanazizire, pakuti nthunzi iocha nkhope ndi manja. Ndiponso musathire madzi ozizira m'injini yotentha, kuopa kung'amba mutu wace.

Alipo ena amene acotsa themositati, nati injini izizizira bwino. Geji idzakuonetsani kuti injini yotere icedwa kufunda m'mamawa ndi m'nyengo yacisanu, ndipo injini yoyenda yozizira idya mafuta ambiri nikalamba msanga.

YACIWIRI: GEJI YA OYILO

Geji iyi siyesa kuculuka kwa oyilo. Iyesa mphamvu yace yokha. Kuculuka muziyesa ndi kamtengo kacitsulo kaja m'mawa muli monse, galimoto itaima pamalo osapendekeka.

M'mamawa, oyilo ali wozizira ndi wolemera, muvi ukwera pamwamba. Injini ikatentha muvi utsika, ndipo galimoto ikangolira osayenda ungathe kufika pafupi ndi bar imodzi. Zimenezi siziri zoopsa. Amakaniko ali ndi lamulo lao lakale lakuti pa kuzungulira 1,000 kuli konse kwa injini pa mphindi imodzi pafunika psi 10. Ndipo psi 14.5 ndiyo bar imodzi. Koma buku la injini yanu ndilo lidziwa koposa.

Muvi wa oyilo ulankhula m'njira zitatu. Ukamatsika pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, mabelingi kapena pampu zirikutha, ndipo muli ndi nthawi yosunga ndalama ndi kukonza mbeu zisanace. Ukamagwedezeka pokhota kapena pa citunda, oyilo wacepa, ndipo pampu irikumeza mpweya. Ukagwa pansi nthawi imodzi, zimitsani injini pomwepo, ngakhale kwanu kukuoneka apo. Injini yopanda oyilo ionongeka m'kamphindi.

Poika geji iyi musacotse nyali yofiira. Makaniko angathe kuika kacitsulo ka mphanda pa bowo lomwelo, kuti nyali ndi geji zonse ziwiri zigwire nchito. Usiku maso aona nyali msanga koposa muvi.

YACITATU: GEJI YA MAGETSI

Magalimoto akale anali ndi geji yochedwa ammeter, imene magetsi onse opita ku batire apyola m'kati mwace ndi mawaya aakulu. Waya wotere akamasuka atentha, ndipo moto ungathe kubuka patsogolo panu. Inu gulani voltmeter, imene ifuna timawaya tating'ono tokha.

Batire lodzaza la mavoti 12 lisonyeza 12.6 injini isanalire. Injini ikalira muvi uyenera kukwera kufika pakati pa 13.8 ndi 14.4. Ukakhala pansi pa 13, alutaneta sirikudzaza batire. Ukapyola 15, irikudzaza mopitirira, ndipo madzi a batire adzauma. Malole ambiri a dizilo ali ndi mabatire awiri olumikiza, ndiwo mavoti 24, ndipo manambala onsewa muwawerenge kawiri.

Geji iyi ithandizanso kuteteza injini. M'mainjini ambiri lamba mmodzi yemweyo azunguza alutaneta ndi pampu ya madzi. Lamba akaduka, muvi wa magetsi ugwa nthawi yomweyo, muvi wa madzi usanayambe kukwera. Woyendetsa wocenjera aima pa cizindikilo coyambaco.

Kuli mageji enanso ambiri m'masitolo, owala mitundu yosiyanasiyana, amene anyamata awakonda. Mlimi ayambe ndi atatu awa. Pa thirakitala ndi pa injini ya cigayo mungaonjezere wochi yowerenga maora a nchito, pakuti oyilo wa mainjini amenewa asinthidwa powerenga maora, osati mtunda.

YA KAPAIPI KAPENA YA WAYA?

Mageji a madzi ndi a oyilo ali a mitundu iwiri. Mtundu woyamba uli ndi kapaipi kakang'ono kocokera pa injini kufika pa geji, ndipo sufuna magetsi. Umenewu uyenera thirakitala yakale ndi injini ya cigayo, zimene mawaya ace sakhulupirika. Koma kapaipi ka geji ya madzi kali ndi mankhwala otsekeredwa m'kati. Mukakadula kapena kukapinda kwambiri, geji yafa, ndipo simungathe kuikonza pamudzi. Kapaipi ka geji ya oyilo kabweretsa oyilo wotentha pafupi ndi miyendo yanu. Kakakhudzana ndi citsulo kadyeka ndi kugwedezeka kwa miseu yathu, ndipo kakabooka oyilo atayika. Kamangeni bwino, ndipo pamene kapyola pa bowo la citsulo pakhale mphira.

Mtundu waciwiri uli ndi senda pa injini, ndi waya wopita ku geji. Umenewu subvuta kuika m'galimoto, makamaka m'lole imene nyumba ya woyendetsa ipendamuka pofuna kuona injini. Bvuto lace ndi lakuti waya akacita dzimbiri kapena kumasuka, geji inama.

MALAMULO POGULA

1. Dziwani ngati galimoto yanu iri ya mavoti 12 kapena 24. Geji ya 12 ipsa pa lole ya 24.

2. Geji ndi senda yace zikhale za m'bokosi limodzi, za wopanga mmodzi. Geji ya VDO ya ku Germany, mwacitsanzo, siwerenga zoona ndi senda yopangidwira geji ya ku America, ngakhale zonse ziwiri ziri zatsopano.

3. Yang'anani mazinga. Mainjini ambiri a ku Japan ali ndi bowo la oyilo la mazinga ochedwa BSP, amene ali 28 pa inchi. Mageji ambiri ogulitsidwa abwera ndi mazinga a NPT, amene ali 27 pa inchi. Ndi maso afanana, koma mukakakamiza ndi sipanala muononga bowo la injini. Tengani senda yakale popita ku sitolo, ndipo ngati mazinga asiyana gulani kolumikizira kace.

4. Sankhani geji imene muvi wace udzaima capakati pa masiku onse. Ya madzi ikhale ya madigiri 40 kufikira 120. Ya oyilo ikhale ya bar 0 kufikira 7, kapena psi 0 kufikira 100.

5. Ikhale ndi manambala ooneka bwino, osati mitundu yokha, ndiponso nyali yace ya usiku. Mageji ambiri ali a mamilimita 52 m'mimba mwace, motero tizitsulo tomangirapo sitisowa.

6. Yesani geji ya madzi musanaimange. Bviikani senda m'poto wa madzi owira. Ngati iri ya waya, makaniko ailumikize ku batire. Kuno kumtunda muvi uyenera kufika pafupi ndi 96. Ukaima pa 80, bwezani gejiyo.

7. Pa waya wa magetsi pakhale fyuzi. Senda ya waya mmodzi ibweza magetsi kupyolera m'mazinga ace, cotero musaikulunge ndi tepi yambiri.

8. Mangani mageji pamene woyendetsa awaona osaweramitsa mutu.

DZIWANI MALO A MUVI

Geji siithandiza munthu wosadziwa pamene muvi wace ukhala masiku onse. Cifukwa cace, mutasintha oyilo ndi kutsuka rediyeta, yendani ulendo umodzi ndi katundu wa masiku onse pa mseu umene muudziwa. Lembani pa kapepala manambala a mageji onse atatu: injini itangolira, pa cidikha, ndi pamwamba pa citunda cacikulu. Matani kapepalako pafupi ndi mageji. Kuyambira tsiku limenelo, cimene muyang'ana ndico kusiyana kwa muvi ndi zolembedwazo. Madzi akamafika 95 pa citunda cimene kale anali kufika 88, funani cifukwa cace sabata lomwelo: lamba wamasuka, kapena rediyeta yatsekeka, kapena cibvundikiro catha.

Mau otsiriza apite kwa inu eni ace a magalimoto amene mulemba dalaivala, ndi kwa atsogoleri a magulu a alimi osunga thirakitala imodzi. Dalaivala woopa kudzudzulidwa cifukwa ca kucedwa adzaona muvi ulikukwera, nadzapitirira ndithu kuti afike msanga ku msika. Muuzeni pamaso pa anzace kuti akaima cifukwa ca geji alibe mlandu, ngakhale matumba agone pa njira. Ora limodzi loima pamthunzi silidya ndalama. Koma injini ikapsa, madzi atayika, ndipo saoleka. Ngati pali cina cosamveka m'mau awa, pitani nako kapepala kanu ka manambala kwa makaniko wodziwa nchito yace, mumfunse, pakuti safunsa anadya phula.